Kompyuta yakuchipatala ikamasamuka, mbiri ya mwana wanu imadutsa pati?

Ngati mumapita ndi mwana kusikelo kapena mumakalandira mankhwala miyezi ingapo iliyonse, mawu oti "pepani, sisitimu yagwa" si achilendo kwa inu. Mukawamva mumaganiza za magetsi kapena netiweki, ndipo kawirikawiri mumakhala mwalondola. Koma nthawi zina nkhani imakhala yokulirapo. Kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala, yomwe timaitcha seva, imakalamba ngati chipangizo china chilichonse. Ikayamba kuzima yokha kapena kuchedwa kutsegula, akatswiri amabwera ndi ina kuti asamutsiremo zonse. Ntchitoyi ikayenda bwino simudziwa n'komwe kuti yachitika. Ikapunthwa, mutha kufika pawindo n'kuuzidwa kuti dzina la mwana wanu silikupezeka, chonsecho mwakhala mukubwera naye zaka zitatu.

Sikuti ndikufuna mukhale okonza makompyuta. Koma inu makolo, komanso inu odzipereka amene mumathandiza kuyeza ana ndi kulondola odwala m'midzi, ndi amene mumakumana ndi zotsatira zake. Mukadziwa pomwe pamavuta mudziwanso choti mufunse ndi choti musunge.

Makina odina ndi chala amene mumawaona m'zipatala zathu anayamba mu 2001, pomwe Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anawaika pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, olandira anachuluka msanga moti mabuku okha anayamba kulemera. Mu 2006 pulogalamu yolondola anthu a ma ARV inayamba pa Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira m'maboma. Mu 2019 ntchito yosamalira makinawa inapita m'manja mwa bungwe la EGPAF mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. M'zipatala zikuluzikulu dokotala amadina pomwepo muli naye. M'zing'onozing'ono timalemba pa khadi, kalaliki n'kudzalowetsa mu kompyuta pambuyo pake.

Kuno ku Chitipa, boma la anthu pafupifupi 235,000 malinga ndi kalembera wa 2018, nkhaniyi ili ndi kulemera kwakekwake. Kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo ngakhale msewu wa Karonga uli wa phula, ulendo wochoka paboma kupita ku Nthalire kapena kukwera mapiri a Misuku nyengo yamvula si wongodzuka n'kupita. Chipangizo chikaiwalika sichibwera mawa lake. Katswiri akalakwitsa n'kunyamuka, kumubweza kumatenga masiku.

Disiki ndi nkhokwe

Mkati mwa seva muli kachitsulo kokula ngati chikhatho kotchedwa hadi disiki. M'menemo muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga ndi kulemba koyandama pamwamba pake osakhudza. Timbaleti tinagawidwa m'tizigawo ting'onoting'ono. Disiki ya 500 GB imakhala ndi tizigawo pafupifupi 1 biliyoni. Dzina la mwana wanu, kulemera kwake mwezi watha ndi zotsatira za magazi ake zinamwazikana m'tizigawo timeneti. Madisiki atsopano otchedwa SSD alibe chozungulira, amasunga zinthu ngati memole khadi ya mufoni, koma nawonso amatha.

Posamutsa, katswiri akhoza kutulutsa mbiri yokha ya odwala n'kuilowetsa mu kompyuta yokonzedwa kale. Njira ina, yomwe anzathu a makompyuta amati cloning, ndi yokopera disiki yonse kachigawo ndi kachigawo, kuti yatsopanoyo ikhale mapasa a yakaleyo: pulogalamu, mapasiwedi, makonzedwe a pulinta yosindikiza timapepala tomata m'buku mwanu, zonse. Amaikonda chifukwa imapulumutsa nthawi. Vuto lake alimi mukulidziwa. Mukatsanulira chimanga chonse cha m'nkhokwe yakale m'matumba atsopano osapeta, anankafumbwe nawonso asamuka. Vairasi kapena fayilo yowonongeka imene inali pa disiki yakale idzapezekanso pa yatsopano.

Disiki yodwala

Chokhumudwitsa chofala kwambiri ndi ichi: kukopera kumayamba bwinobwino, kufika mwina pakati, kenako n'kuima. Pagalasi pamatuluka uthenga woti kachigawo kena sikakuwerengeka. Nthawi zambiri apa ndiye kuti mbale yakalika kapena yatha pamalo amenewo. Kutentha, fumbi, kugwedezeka pa msewu wamabampu ndi kuzima kwadzidzidzi kwa magetsi ndi zomwe zimabweretsa mabala otere.

Apa ndi pomwe anthu amawonjezera vuto poganiza kuti akuthandiza. Amazimitsa, n'kuyatsa, n'kuyambanso, kasanu kapena kakhumi. Ena amathamangira pulogalamu yokonza disiki asanakopere kalikonse. Disiki yodwala ili ngati mwana amene watha madzi m'thupi: mphamvu zake zotsala n'zowerengeka, ndiye simumuthamangitsa kuti muone ngati angathe. Nthawi iliyonse yomwe kamkono kaja kakukakamira pamalo owonongeka, bala limakula.

Katswiri wodziwa ntchito amayamba wafunsa disikiyo za umoyo wake. Disiki iliyonse imasunga kaundula wakewake wotchedwa SMART, wosonyeza maola amene yagwira ntchito, kutentha kwake ndi tizigawo tomwe tawonongeka kale. Akapeza kuti tizigawo towonongeka tikuchuluka, amasintha chida. Pulogalamu yotchuka ya Clonezilla, yomwe inapangidwa ku Taiwan ndipo ndi yaulere, imaima ikakumana ndi bala pokhapokha mutaiuza kuti ilumphe. Ina yotchedwa ddrescue imayamba yatola zonse zowerengeka mosavuta, kenako imabwerera pamalo ovuta pang'onopang'ono, uku ikulemba pomwe yafika kuti magetsi akazima idzapitirize pomwepo. Kukonza kumachitikira pa kope, disiki yodwalayo itapumitsidwa.

Inu amene mumasesa kapena kuyezera ana pafupi ndi chipinda cha seva muli ndi makutu amene katswiri wa ku Lilongwe alibe. Mukamva kompyuta ikulira kuti "khe, khe, khe" mobwerezabwereza, kamvekedwe kamene sinali nako kale, uzani mkulu wa chipatala tsiku lomwelo. Kulira kumeneko ndi kamkono kaja kakulephera kupeza malo ake, ndipo disiki yotere imatha kufa sabata yomweyo.

Magetsi ndi msinkhu wa disiki

Kukopera kumadya nthawi. Disiki ya 500 GB yolumikizidwa pa doko lakale la USB 2.0 imatenga maola anayi kapena asanu. Pa USB 3.0 ikhoza kutha m'maola osakwana awiri. Disiki ikakhala yodwala, usiku wonse sukwana. Magetsi athu ambiri amachokera kutali, pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira momwe kunaderera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi akazima ntchito ili pakati, musaganize kuti theka la mbiri lapulumuka. Pa mapulogalamu ambiri kope loduka siligwira ntchito, muyambirenso pachiyambi, ndipo disiki yakale ija yalandiranso nkhonya ina.

N'chifukwa chake mabatire ndi masola a chipinda cha seva sayenera kugawana ndi china chilichonse. Apa ndilankhule mosabisa, chifukwa olakwa nthawi zambiri timakhala ife ogwira ntchito ndi abale athu: soketi imeneyo si yotchajira mafoni a mudzi wonse, ndipo ketulo imodzi yowiritsira tiyi ikhoza kumaliza batire lomwe likanasunga seva mpaka madzulo.

Za msinkhu sizifuna mawu ambiri. Disiki yolandira iyenera kufanana kapena kuposa yakaleyo. Wina amagula SSD ya 480 GB kuti ilowe m'malo mwa disiki ya 500 GB, poganiza kuti poti yakaleyo sinadzaze zikwana. Pulogalamu yokopera kachigawo ndi kachigawo imawerengera ndi malo opanda kanthu omwe, ndiye imakana. Mankhwala ake ndi kugula yaikulupo, kapena kuchepetsa chigawo cha disiki yakale, zomwe siziyenera kuyesedwa pa disiki yodwala.

Kulakwitsa kumene kulibe mankhwala

Pali cholakwika chimodzi chimene chimandiopsa kuposa zonse, ndipo sichichokera ku makina. Madisiki awiri akalumikizidwa, kompyuta siyilemba kuti uyu ndi wakale, uyu ndi watsopano. Pa Linux, yomwe maseva ambiri a m'zipatala amayendera, imangowatcha sda ndi sdb, ndipo mayinawa amatha kusinthana malinga ndi doko lomwe mwalowetsa chingwe. Munthu wotopa, amene wayenda tsiku lonse ndipo akufuna kubwerera kusanade, akhoza kusankha mozondoka: disiki yopanda kanthu n'kuikopera pamwamba pa yodzaza. Pulogalamu imachenjeza, amadina kuvomera, ndipo pakatha mphindi zochepa chiyambi cha disiki yakale chafufutika. Akaisiya mpaka kumapeto, mumakhala ndi madisiki awiri opanda kanthu.

Kusukulu ya zaumoyo anatiphunzitsa kuti thumba la magazi silipachikidwa munthu mmodzi atawerenga yekha. Awiri amawerenga dzina, gulu la magazi ndi nambala, mokweza. Lamulo lomweli liyenera kugwira ntchito apa. Disiki iliyonse ili ndi nambala yake yosindikizidwa pachikuto, ndipo pulogalamu imaonetsa nambala yomweyo pagalasi. Mmodzi awerenge pachikuto, wina pagalasi. Ndipo asanayambe n'komwe, mbiri ya odwala ikhale itasungidwa kale pamalo achitatu. Akatswiri ali ndi lamulo lomwe amati 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunyumba ina. Inu a komiti yoyang'anira chipatala muli ndi ufulu wofunsa kuti kope lomaliza linasungidwa liti komanso lili kuti. Funso limeneli silifuna digiri.

Yakopera koma siyikuyaka

Nthawi zina zonse zimatha bwino, koma mukayatsa kompyuta yatsopano pamangotuluka mawu oti "No bootable device", kapena galasi la buluu ngati ili ya Windows. Apa mtima usathamange, chifukwa kawirikawiri mbiri ija ilimo yonse; chavuta ndi khomo lolowera. Makompyuta akale amadzuka m'njira yotchedwa BIOS ndipo amayala disiki mwa dongosolo la MBR, pomwe atsopano amadzuka mwa UEFI n'kumayembekezera GPT. Kwina chimangofunika ndi kusintha kamodzi kokha m'makonzedwe oyambira, monga kubwezera disiki pa AHCI. Kwina seva imayaka koma makina a m'zipinda zoonera odwala saipeza, chifukwa khadi ya netiweki ya kompyuta yatsopanoyo ili ndi dzina lina. Zonsezi zimakonzeka. Chosakonzeka ndi pomwe wina wataya mtima n'kunena kuti "tingoifomata tiyambirenso".

Izi zikukhudzanso inu amene muli ndi laputopu ya bungwe la m'mudzi, ya mpingo kapena ya sukulu. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho ambiri akusamukira ku makompyuta ena. Ngati disiki yanu inatsekedwa ndi BitLocker, ikaikidwa mu kompyuta ina idzafunsa kiyi ya manambala 48. Ipezeni ndi kuilemba papepala ntchito isanayambe. Popanda kiyi imeneyo palibe mmisiri wa ku Karonga, Mzuzu ngakhale Mbeya amene angatsegule.

Zolakwika zosalira

Zomwe ndatchulazi zimadzionetsa zokha. Zimene zimafika pa mwana wanu ndi zija zachete, pomwe makina akuoneka kuti akuyenda.

Choyamba ndi tsiku. Kompyuta iliyonse ili ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, kosunga wotchi magetsi akazima. Kakatha, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti lero ndi tsiku la zaka zambiri zapitazo, ndipo komwe kulibe intaneti palibe choiwongolera. Pachipatala china chomwe ndinagwirapo ntchito, seva yolowa m'malo inabwera ndi kabatire kotere. Tinazindikira masana, mayi wina atafunsa chifukwa chomwe kapepala kake kanali ndi tsiku lobwerera la chaka chimene mwana wake anali asanabadwe. Anthu onse a m'mawa umenewo tinayenera kuwafufuza kudzera mwa alangizi a zaumoyo. Mayiyo anangochita chinthu chimodzi: anawerenga kapepala asanachoke pawindo.

Chachiwiri ndi mpata. Ngati disiki inakopedwa Lachiwiri koma seva yatsopano inayamba ntchito Lachisanu, onse amene anaonedwa masiku a pakatiwo mulibemo. Kompyuta idzawaona ngati anthu amene sanabwere kudzatenga mankhwala, ndipo mayina awo akhoza kutuluka pa mndandanda wa oyenera kulondoledwa. Inu odzipereka mukapatsidwa mndandanda wotalika modabwitsa chipatala chitangosintha makina, yambani mwafananiza ndi makadi musanakagogode pakhomo la munthu. Kufika pakhomo la munthu amene sanalumphe n'komwe, anansi akuona, kukhoza kuulula chinsinsi chimene anachisunga zaka zambiri.

Chachitatu ndi mapasa kugwira ntchito limodzi. Seva yakale ikasiyidwa yoyaka pa netiweki imodzi ndi yatsopano, zonse zili ndi adiresi imodzi, makina ena amalemba uku, ena uko. Pakutha pa sabata mbiri yagawika pawiri ndipo kuilumikiza ndi ntchito yowawa. Kukopera disiki pomwe anthu akulowetsabe odwala nako kumabala kope losokonezeka, ngati kujambula tsamba wina akulembapo.

Kwa mwana zinthuzi si zazing'ono. Mlingo wa ma ARV a ana umatsatira kulemera kwa thupi, ndipo umasintha mwana akamakula. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limayezedwa magazi pa masabata 6, kenako pa miyezi 12 ndi 24. Zotsatira za kuchuluka kwa tizilombo m'magazi ndi zomwe zimatiuza ngati mankhwala akugwira kapena asinthidwe. Chimodzi mwa izi chikasowa, dokotala amagwira ntchito mongoganizira kapena kumubayanso mwana popanda chifukwa. Ntchito yosamutsa isanatchedwe kuti yatha, payenera kuwerengedwa chiwerengero cha odwala pa seva yakale ndi yatsopano, n'kutenga mabuku angapo a anthu amene abwera tsikulo kuona ngati ulendo wawo womaliza ukuoneka.

Disiki yakale ipita kuti?

Kukopera sikuchotsa kanthu pa disiki yakale. Mayina, midzi, manambala a foni ndi zotsatira za magazi zimakhalabe momwemo, ndipo kufomata mwachangu kumangochotsa mndandanda wa zamkatimu. Munthu wodziwa akhoza kuzibweza ndi pulogalamu yaulere. Disiki yotere siyoyenera kupatsidwa kwa mwana wa mlonda kuti aziikamo mafilimu, kapena kugulitsidwa pamsika. Isungidwe motsekera mpaka zitatsimikizika kuti yatsopano ili bwino, kenako ifufutidwe polembapo zinthu zina paliponse, kapena iphwanyidwe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, ndipo nkhani zaumoyo zili m'gulu la zofunika kutetezedwa mwapadera.

Buku lanu lija

Amene anapanga makinawa ankadziwa kuti kompyuta imafa. N'chifukwa chake pulinta imasindikiza kapepala komata m'buku lanu lakuchipatala, ndipo kuchipatala kumatsala khadi: yachikasu ya akuluakulu, yabuluu ya ana, yapinki ya khanda lomwe likutsatiridwa. Seva ikatayika, timamanganso mbiri kuchokera pa mapepala amenewa. Bukulo lisungeni m'pulasitiki, kutali ndi mvula, mafuta ndi dzuwa, chifukwa kapepala kamizeremizere kakafufutika makina sakawerenga. Likadzaza musalitaye, lisokereni kumbuyo kwa latsopano.

Kuno kwathu bukuli lili ndi ntchito inanso. Ambiri mumawoloka kupita ku Isongole, Tunduma kapena Nakonde pa malonda ndi pa zachibale, ndipo ena mumakhalako miyezi. Kompyuta ya ku Malawi siyilankhulana ndi ya ku Tanzania kapena Zambia. Chimene chimawoloka nanu malire ndi buku.

Mukauzidwa kuti simukupezeka, musafulumire kuvomera nambala yatsopano. Nenani kuti ndinu wakale ndipo onetsani kapepala kakale. Kumbukirani kuti mayina athu amasokoneza makina: bambo ndi Simwaka, mwana wake wamkazi ndi Namwaka, mlongo ndi Namfukwe, mchimwene ndi Simfukwe. Kalaliki wochokera kumwera akhoza kulemba mwana wamkazi ndi dzina la bambo ake momwe lilili, wina n'kudzamulemba ndi Na. Pemphani kuti afufuze njira zonse ziwiri, komanso ndi tsiku lobadwa ndi mudzi. Munthu mmodzi akakhala ndi manambala awiri, mbiri yake imaduka pakati, ndipo nambala yakaleyo imaoneka ngati ya munthu amene anasiya mankhwala.

Tengani botolo la mankhwala pa ulendo uliwonse, ngakhale litatha, poti dzina ndi mlingo zimalembedwa pamenepo. Ndipo kugwa kwa sisitimu si chifukwa choti mubwerere kunyumba chimanjamanja. Chithandizo chimaperekedwa polemba pa khadi, zolowetsa mu kompyuta zimatsatira. Wina akakuuzani kuti mubwere sabata yamawa pomwe mapiritsi a mwana atsala a masiku awiri, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa chipatala.

Inu alangizi ndi odzipereka amene mumalemba mabanja pa foni kapena tabuleti ya iCHIS, vuto lomweli lili m'thumba mwanu. Zimene mwalemba kumudzi kopanda netiweki zimakhala mu chipangizomo mpaka mutazitumiza. Chikayamba kuvuta, pitani pamalo ogwira netiweki, tumizani zonse, ndipo onetsetsani kuti palibe chotsalira chodikira. Mukatero chiperekeni kwa okuyang'anirani kuchipatala, osati kwa wokonza mafoni wa pamsika, amene mankhwala ake oyamba amakhala kufulasha.